Kadzidzi Akalira pa Denga



Kuno kwathu ku Chongwe, kadzidzi akalira pa denga usiku, nyumba yonse tulo timatha. Ati malodza, ati maliro ali pafupi. Enafe tinakula tikuona agogo akuponya chikuni chamoto kuti mbalameyo ithawe, ife ana tili duu m'bulangete.

Manje tamvani za anzathu Ahindu ku India. Nawonso amayang'ana zizindikiro za mbalame ndi nyama, amati shakuna, ndipo Varahamihira analemba za izo m'buku lake Brihat Samhita m'zaka za m'ma 500. Kumeneko khwangwala akalira pakhomo, ati kukubwera mlendo. Kadzidzi ena amamuopa ngati ife, koma amatinso ndiye mbalame imene amakwerapo Lakshmi, mulungu wawo wamkazi wa chuma. Mbalame imodzimodzi, kuno imfa, uko chuma. Nanga uthengawo uli m'kamwa mwa mbalame kapena m'mitima mwathu?

Kadzidzi amalondola makoswe chabe. Pamene pali nkhokwe pali makoswe, ndipo iye ntchito yake ndi ya usiku. Pambuyo pa chilala cha 2024, tonse tikudziwa kuwawa kwa thumba limodzi la chimanga. Tikapha kadzidzi, tapha mlonda wosalipidwa.

Koma chimene chimandiwawa kwambiri si mbalame ayi. Kadzidzi walira, mwana watentha thupi, funso loyamba limakhala lakuti, "Wamutuma ndani?" Zala zonse kwa agogo amasiye okhala kumapeto kwa mudzi. Mwana uja m'malo mopita naye kukiliniki kukapimitsa malungo, masiku awiri athera kwa sing'anga. Ndatsogolerapo mapemphero pa maliro otere, gogo atakhala yekha pansi pa mtengo, palibe womupatsa moni ngakhale madzi akumwa. Dziwaninso kuti lamulo la Zambia, Witchcraft Act, Chapter 90, limati kutchula munthu mfiti ndi mlandu.

Mukawerenge 1 Mafumu 17. Makwangwala, amene Levitiko 11 amawaika pakati pa mbalame zodetsedwa, ndiwo amene Mulungu anawatuma kukadyetsa Eliya pa nthawi ya chilala. Zolengedwa zonse zili m'manja mwa Mwini wake.

Usiku uno kadzidzi akalira, pempherani, muone ngati ana ali m'neti, mugone. Wina akadwala, kuchipatala msanga. Ndipo kukacha muwapitire agogo aja ndi kambale ka ufa.

Ambuye akhale nanu. Amen.