Zimene mikanda ndi nsalu yotamuka zandiphunzitsa

Ndine telala wa pakhonde pa boma la Rumphi. Ntchito yanga yeniyeni ndi mayunifolomu a sukulu, madiresi a zitenje ndi kuika zigamba. Za mikanda ndinazilowa chifukwa cha dyera basi. Magulu a zovina ndi atsikana operekeza akwati atayamba kufuna zovala zogwira thupi, zonyezimira akamadula chiuno, sindinafune kuti ndalamayo ipite pakhonde la mnzanga. Ndinangoti, "Bweretsani, ndimatha." Sindinkatha ayi. Ngati nanunso munayamba mwavomera ntchito kenako n'kukaphunzirira pa nsalu ya mwiniwake, khalani pansi, ndife amodzi.

1. Nsalu imatamuka, ulusi sutamuka. Chovala changa choyamba ndinachiyala patebulo, n'kuzunguliza mikanda m'chiuno monse, mzere wowongoka bwino, ndipo odutsa ankaima kuyamikira. Mwiniwake pobwera kudzayesa, chinakana kudutsa m'mapewa. Anayesa kulowera kumiyendo, chinakana m'matako. Atakoka ndi mphamvu tinangomva kuti phwa! Nsalu zimenezi, kaya ndi yogula pamita kaya ndi taiti wa pakaunjika, zimakhala ndi ulusi wa spandex, ena amati lycra, umene anautulukira ku America mu 1958, ndipo umatha kutalika kangapo n'kubwerera. Ulusi wanga wosokera unalibe luso limenelo. Tsopano ndimayamba ndaveka chovalacho pa pilo wothina kapena pa ndowa yofanana ndi chiuno cha mwiniwake, kenako n'kumasoka chili chokokeka. Sokani mikanda nsalu ili pa msinkhu umene idzakhale pathupi, osati umene ili patebulo.

2. Mzere wozungulira thupi ndi mdani. Nditaphunzira zokoka nsalu ndinadziona ngati katswiri, koma mizere yanga yopingasa inkadukabe wovina akawerama. Ndinachedwa kuzindikira chinthu chimene mwana aliyense wosewera ndi sokosi amadziwa: nsalu yotere imatamuka kwambiri mbali imodzi, ndipo mbali imeneyo ndi imene timaizunguliza thupi. Mizere yotsika kuchokera pachifuwa kupita m'chiuno sivuta chifukwa kumeneko nsalu sikokeka kwambiri. Ikafunika yopingasa, ndimaikhotetsa mwa zigizagi kapena ngati mafunde, kuti nsalu ikakokeka mzerewo uzingofunyululuka. Maluwa ndi nyenyezi zoima pazokha, zosiya mpata pakati, ndiye zabwino koposa. Musanajambule ndi choko, kokani nsaluyo mbali zonse ziwiri kuti mudziwe kumene imapita.

3. Ulesi wa kutunga mikanda yambiri nthawi imodzi umalipiritsa pagulu. Ndinkatunga mikanda yodzaza singano yonse, n'kubaya kamodzi, n'kutunganso. Ntchito inkathamanga, ine n'kumaimba. Pa ukwati wina kufupi ndi Mhuju ulusi unaduka malo amodzi okha, koma mzere wonse unakhuthukira pasimenti. Operekeza akwati anali opanda nsapato, ndiye tangoganizani kuvina kwake. Ana anasiya kuonerera n'kuyamba kutola, ndipo ine ndinapezeka ndikuyang'anitsitsa denga la holo ngati ndine ndinakhoma. Masiku ano ndimatunga itatu kapena inayi, n'kubaya, n'kubwerera kulowanso mu mkanda womaliza, ndipo ndikapita pang'ono ndimamanga mfundo kuseri. Pakaduka, imagwa yochepa, ndipo palibe amene amaona. Mfundo zikachuluka, manyazi amachepa.

4. Ulusi wolimba kwambiri si ndiye wabwino. Ndinayamba ndi ulusi wa thonje umene ndimasokera zitenje. Thukuta linaudya, unayamba kuthothoka wokha. Pokwiya, ndinatuma munthu kuti andigulire twaini wa asodzi kunyanja ku Chiweta, poganiza kuti chimene chimakoka nsomba sichingalephere mkanda. Zoona sanaduke. M'malo mwake anacheka nsalu, mfundo zake zinkamasuka zokha, ndipo nsonga zake zinkabaya wovina ngati wachita cholakwa. Amene anandipulumutsa ndi gogo wina wotunga mikanda, amene anandiyang'ana mwachisoni n'kunena kuti, "Mwana wanga, bwanji osafunsa?" Anandionetsa ulusi wa poliyesita wopinda pawiri, woukhutiza pa phula la njuchi kuti usapotane ndiponso usanyowe msanga. Phulalo silisowa kuno, alimi a njuchi a m'mphepete mwa Nyika ndi Vwaza ali nalo. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ine phulalo ndinachita kulipeza nditafunsa. Sankhani ulusi umene umagwirizana ndi nsalu, osati umene ungaigonjetse.

5. Mikanda yonyezimira pamsika si yonse imanyezimira pathupi. Tsiku lina ndinagula mikanda yofiira yokongola kwa wogulitsa wina woyendayenda, yotchipa moti ndinadziyamikira njira yonse. Ndinaisokera pa nsalu yoyera. Kutentha kwa m'chigwa cha Henga mu Okutobala mukukudziwa. Atsikana atavina nyimbo ziwiri, mikanda inasanduka yotuwa, kufiira konse kutasamukira pa nsalu ndi pakhungu. Inali yopaka utoto pamwamba chabe. Mkanda wabwino wa galasi mtundu wake umakhala m'kati mwa galasilo, ngati ija yotchuka ya ku Jablonec m'dziko la Czech Republic. Tsopano ndisanasoke ndimaviika pang'ono m'madzi a mchere ndi sopo usiku wonse, m'mawa n'kupukuta pa kansalu koyera. Ina ija yaitali ngati timapaipi ili ndi vuto lakelake: milomo yake ndi yakuthwa, imadula ulusi, choncho ndimaika kamkanda kozungulira uku ndi uku. Ndipo mukapita ku Mzuzu, gulani yokwanira ntchito yonse, chifukwa mukadzabwereranso mudzapeza kufiira kwina. Yesani mkanda ndi madzi usanayesedwe ndi thukuta.

6. Galasi ndi lolemera, ngakhale likhale laling'ono. Mkanda umodzi pachikhatho sumveka, ndiye ndinkangowonjezera, makamaka mphonje za m'chiuno, poti ndi zimene zimaonetsa kuti munthu akudula. Siketi ina inayamba gule ili pamchombo, pomaliza inali pamalo oti mwiniwake ankavina dzanja limodzi lili pa lasitiki. Yankho ndinalipeza poonera mavidiyo a ovina a ku Egypt pafoni ya mwana wa mchemwali wanga. Ku Cairo kuli gule wa akazi wogwedeza mimba ndi chiuno, wotchedwa raqs sharqi, ndipo zovala zake zimadzaza mikanda kuposa zathu. Koma lamba wawo samusokera pa nsalu yotamuka. Amamupanga payekha pa nsalu yolimba yosakokeka, n'kumumanga ndi ngowe. Ndinatengera zomwezo. Ndimatenga nsalu yolimba ija timaika m'makolala, kapena jinzi yakale, n'kukuta, n'kusokerapo mikanda yonse yolemera ndi mphonje, chingwe chilichonse ndi mfundo yakeyake. Pa nsalu yotamuka pamatsala zopepuka zokha. Katundu wolemera mupatseni maziko ake.

7. Kuseri kwa chovala kumakhala munthu. Ine maso anga onse anali kunja, kumene anthu amaona. Mtsikana wina atavula anandionetsa nthiti zake zili ndi mizere yofiira, nati, "Amama, chovala chanu n'chokongola, koma chimaluma." Zinali mfundo zanga zija ndimazinyadira. Kuyambira pamenepo ndimaika nsalu ina yofewa m'kati, yotamukanso, yokwirira ulusi wonse. Apa ndinagwanso m'dzenje lina: makina anga opalasa ndi mapazi amasoka mzere wowongoka wokha, ndipo mzere wotero umaduka pa nsalu yokokeka. Ndimapita kwa mnzanga wa makina a magetsi a zigizagi, magetsi akakhalapo, apo ayi ndimasoka pamanja momasula. Singano ya makina ikhale ija yobuntha kunsonga, yolowa pakati pa ulusi wa nsalu, chifukwa yakuthwa imaboola timabowo timene timakula. M'khwapa ndi m'kati mwa mikono musaikemo mkanda ngakhale umodzi. Tembenuzani chovala, muchikhudze ndi tsaya lanu musanachipereke.

8. Simbi ya makala ndi nsalu yotamuka sizionana. Ndinafuna kupereka ntchito yosalala, ndiye ndinakoleza simbi bwinobwino ngati ndikusita yunifolomu ya khaki. Pamene ndinaika panatsala chizindikiro chonyezimira chooneka ngati simbiyo, ndipo mikanda ya pulasitiki yoyandikira inafota. Ndinagula nsalu ina ndi ndalama yanga, ndipo usiku umenewo kunyumba tinadya nsima ndi mpiru wopanda tomato. Kutentha kumapha spandex, chimodzimodzi mankhwala oyeretsa zovala a klorini. Dzuwa la masana nalo limafooketsa nsalu, ndipo kupachika chovala pachingwe chili chonyowa kumachitalikitsa chifukwa cha kulemera kwa mikanda. Koma kudziwa ine ndekha sikunathandize, chifukwa eniake ankakachapa pamwala kumtsinje ngati bulangete. Tsopano aliyense ndimamuuza asananyamuke: madzi ozizira, sopo pang'ono, osafinya mopotokola, kuyanika pamthunzi chogoneka, kusunga chopinda m'kathumba ka pilo. Chovala chimatuluka pakhonde limodzi ndi malangizo ake.

9. Mikanda kuno imalankhula, ndipo ine ndinkaiyesa zokongoletsa chabe. Ndinasokera gulu lina la atsikana mizere itatu m'chiuno, yofiira, yoyera ndi yakuda, poona kuti ikugwirizana bwino. Azakhali a mkwatibwi atafika anangogwira pakamwa, kenako anandikokera pambali: "Amama, mukufuna ana awa akavine pamaso pa apongozi atavala za kuchipinda?" Mitundu imeneyo, pamalo amenewo, ndi nkhani ya anankungwi ndi anthu apabanja. Ndinamasula usiku wonse. Ndikanayenera kudziwa, chifukwa mikanda si yachilendo m'dziko lathu lino la Nkhamanga. Mbiri imati Mlowoka ndi anzake, amene anawoloka nyanja chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700, anabwera ndi mikanda, nsalu ndi makasu n'kumasinthanitsa ndi minyanga ya njovu, ndipo ufumu wa Chikulamayembe, umene timaukumbukira pa mwambo wa Gonapamuhanya ku Bolero, unachokera kumeneko. Chinthu chimene chakhala pakati pa anthu zaka zoposa 200 sichikhala chopanda tanthauzo. Funsani akuluakulu a gululo za mitundu musanatunge singano.

10. Vimbuza ya pabwalo la zisangalalo ndi ina, ya kwa sing'anga ndi ina. Achinyamata ena ovina pa misonkhano anandipempha malaya ogwira thupi oti azivala ndi zovala zawo za vimbuza. Ndinadzaza mikanda mpaka m'chiuno, osaganiza kuti pamenepo pamakhala lamba wa zitsulo zolira. Ng'oma zitagunda, zitsulozo zinaphwanya mikanda yanga ya galasi n'kusiya ufa. Ndinaphunzira kusiya malo opanda kanthu pamene padutse lamba ndi mangenjeza. Kunyada kutandikwera, ndinauza mayi wina amene amavina chifukwa chodwala kuti ndingamukonzere zovala zake kuti zioneke zamakono. Anandiseka mwaulemu, nati zimene amavala sasankha ndi telala. Vimbuza kwa Atumbuka ndi gule wochiritsa, ndipo bungwe la UNESCO linamuzindikira mu 2005 n'kumulemba pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu onse mu 2008. Za pabwalo ndimasoka. Za kwa sing'anga ndimasoka zokhazo zimene ndauzidwa, mmene ndauzidwira. Dziwani pamene luso lanu likuthera.

11. Tepi imayeza munthu woima, koma chovalacho n'cha munthu wovina. Ndinkayeza chiuno, chifuwa ndi msinkhu, mwiniwake ataima chilili, mpweya ataubweza kuti aoneke wochepa mimba. Pagule munthu amapuma mwamphamvu, nthiti zimafutukuka, amanjuta, amadumpha, amakweza manja. Zolakwa zanga zambiri zimene mwawerengazi zikanaoneka msanga ndikanangomuuza kuti avine. Tsopano ntchito ikafika pakati, ndimaitana mwiniwake, wina n'kumaomba m'manja kapena kumenya chigubu, iye n'kuvina gule wake weniweni pakhonde pomwepo. Anthu opita kumsika amaima n'kumaseka, koma kuli bwino aseke pakhonde kusiyana ndi paukwati. Pamene pakukoka ndimalemba ndi choko, pamene pakutsika ndimalimbitsa. Chovala chovinira chiyesedwe ndi gule.

12. Mtengo wa mikanda si mtengo wa ntchito. Poyamba ndinkawerengera nsalu, mikanda, ulusi ndi thiransipoti ya ku Mzuzu, n'kuikapo kangachepe. Nthawi yanga ndinkaipereka ulere, pamodzi ndi maso ndi msana. Lamba mmodzi wodzaza bwino amadya masiku amene ndikanasoka mayunifolomu a kalasi yathunthu. Ndipo maoda onse amabwera nthawi imodzi, fodya akagulitsidwa ndipo maukwati ayamba, aliyense akufuna chake Loweruka lomwelo. Ndinasokapo ndi tochi ya foni kukamwa mpaka mikanda yobiriwira ndi yabuluu inafanana, ndipo m'mawa ndinapeza duwa la masamba abuluu. Masiku ano ndimasoka kachigawo kakang'ono, ndione nthawi imene katenga, n'kuwerengera chovala chonse ndisanatchule mtengo. Ndimalandira theka poyamba, mikanda ndimasoka masana okha, ndipo oda yobwera Lachinayi ya ukwati wa Loweruka ndimaikana mosazengereza. Amene sawerengera nthawi yake amagwira ganyu yaulere pakhonde lake lomwe.

Ngati mwalandira kale ntchito yotere ndipo nsalu ya mwiniwake ili m'manja mwanu, musaiyambe lero. Pitani pakaunjika, mugule taiti wotchipa, mumuveke pa ndowa, musokepo mizere iwiri itatu, kenako mumukoke ndi mphamvu zanu zonse ndi kumuchapa. Chimene chiduke pamenepo mwachiphunzira pa mtengo wa taiti mmodzi.