Madzi Saiwala Khwawa: Za Mapaipi a Thanki ya Nsomba za M'madzi Amchere

Ife amene timasamalira okalamba kuno ku Britain tikudziwa kuti usiku ukagwa, mabwana atapita kwawo, chilichonse cha m'nyumbamo chimatsala m'manja mwathu, ngakhale thanki yagalasi ya nsomba imene ili m'chipinda chochezera. Thankiyo si yokongoletsa chabe. M'chaka cha 2002, Nancy Edwards ndi Alan Beck a ku Purdue University ku America anapeza kuti odwala matenda a Alzheimer's ankadya bwino atawaikira thanki ya nsomba pafupi ndi podyera. Nafenso timaona agogo osakhazikika akudekha poyang'ana tinsombato. N'chifukwa chake tiyenera kudziwa mmene madzi ake amayendera.

Kwathu tinazolowera mbuna ndi chambo za m'Nyanja ya Malawi, kumene madzi alibe mchere. Nsomba za m'nyanja zikuluzikulu zimafuna mchere wokwana magalamu 35 pa lita imodzi, ndi madzi ofunda pafupifupi madigiri 25. Zipangizo zosungira zimenezi zimabisidwa m'kabati yapansi, m'thanki yachiwiri yotchedwa sump. Mmenemo muli chofunditsira madzi, chochotsera zonyansa m'thovu, ndi pampu. Kwa ife amene tinaphunzira unamwino, chithunzi chake n'chodziwika: sump ndiyo impso, pampu ndiyo mtima, ndipo mapaipi ndiyo mitsempha, wina wotsitsa madzi, wina wobweza.

Paipi yotsitsa ilibe pampu. Madzi amasefukira m'kabokosi ka pamwamba pa thanki n'kutsika okha. Lamulo lake ndi limodzi: iyenera kutha kutsitsa madzi ambiri kuposa amene pampu ikukweza. Ikakhala imodzi yokha, nkhono kapena ndere zikaitseka, pampu siidziwa kanthu; imangokwezabe madzi mpaka atayikire pansi. Choncho odziwa ntchitoyi amaika mapaipi awiri, njira imene amaitcha Herbie. Yoyamba imadzaza madzi okhaokha opanda mpweya, ndipo imachunidwa ndi valavu mpaka kukhala chete. Yachiwiri imakhala yokwererapo pang'ono, yopanda valavu, yodikira tsiku la ngozi. Ena amaika atatu, njira ya Bean Animal. Tikamva madzi akusokosera m'paipi yodikirayo usiku, tidziwe kuti inzake yayamba kutsekeka, monga mmene kugunda kwa mtima kukasintha timadziwira kuti wodwala sali bwino. Ndipo paipi yotsitsa ikakhala imodzi, isaikidwe valavu. Wofuna kuchepetsa madzi achepetsere ku paipi yotuluka m'pampu.

Paipi yobweza ili ndi msampha wakewake, ndipo umafwamphuka magetsi akazima. Akulu anati madzi saiwala khwawa. Pampu ikaima, madzi amatembenuka n'kuyamba kutsika m'paipi yomweyo imene anakwerera, monga mmene petulo amatsikira m'kapaipi pomupopa m'chigubu, ndipo saleka mpaka kukamwa kwa paipiyo kutapuma mpweya. Kukamwako kukakhala pansi kwambiri, sump imasefukira. Mankhwala ake ndi kuika kukamwako pafupi ndi pamwamba pa madzi, kapena kuboola kabowo m'munsi pang'ono mwa pamene madzi amalekeza, kuti mpweya ulowe msanga. Valavu yoletsa madzi kubwerera siyodalirika payokha, pakuti litsiro pang'ono limailepheretsa kutseka. Koposa zonse, sump isadzazidwe. Pasiyidwe malo olandirira madzi obwererawo. Njira yotsimikizira ndi kuzimitsa pampu dala masana, kuona pamene madzi alekeza, n'kulemba mzere pagalasi. Ife tinakulira kumene magetsi amazima osatsanzika, kotero nzeru imeneyi si yachilendo.

Mapaipi ake akhale a pulasitiki ya PVC. Kopa, ngakhale wochepa, amapha nkhanu, nkhono ndi makorali. Komanso madzi akauluka ngati nthunzi, mchere umatsala. Powonjezera tithire madzi osefedwa opanda mchere, apo ayi mcherewo umakwera n'kuvulaza nsomba.

Wina anganene kuti iyi ndi ntchito ya amisiri, osati yathu. N'zoona, koma mmisiri amabwera masana, pamene madzi amatayika usiku. Madzi akatayika saoleka, ndipo pansi ponyowa m'nyumba ya okalamba si nkhani ya chikolopa chabe. Gogo wotuluka m'chipinda mwake mumdima akaterereka n'kuthyoka fupa la m'chiuno, kawirikawiri sabwereranso mwakale. Madzi amchere akafika pa mawaya, ngozi imakula.

Tsono mmisiriyo akadzabweranso, timupatse moni, timufunse zinthu zitatu: pampu imazimitsidwira pati, paipi yodikira ngozi ndi iti, ndipo mzere wa madzi m'sump uli pati. Mayankhowo tiwalembe m'buku losiyirana ntchito, kuti mnzathu wobwera mawa, mwina watsopano wochokera kumudzi, asadzadzidzimuke yekha pakati pa usiku. Paja safunsa anadya phula.