Cikho Coyamba Amamwa Ndi Wofulula

Kuno ku Angónia, munthu akakubweretsera thobwa kapena mowa wa masese sakupatsa cikho asanalaweko yekha. Amayamba wamwa pang'ono iwe ukuona, n'kupukuta mlomo wa cikhoco ndi cikhatho, kenako n'kukupatsira ndi manja awiri. Akuluakulu amati kutero n'kucotsa mankhwala. Anyamata a ku Ulongwe amauseka mwambowu, amati ndi mantha a anthu akale amene ankaona mfiti paliponse. Ine sindiuseka. Palibe cakumwa cina cimene ndimagula cimene mwini wake amayamba wamwa pamaso panga kuti cikakhala coipa tipwetekere limodzi.

Amayi amene amafulula zakumwa zathuzi alibe cikwangwani pakhomo, koma palibe amene amasocera powafuna. Funsani mwana aliyense m'mudzi kuti thobwa lokoma lili kwa yani, akulozerani nyumba, n'kukuuzaninso kwa amene limakhala lamadzimadzi. Mmodzi mwa amayi oterewa ndi azakhali anga, alongo awo a bambo, amene amakhala kufupi ndi phiri la Domwe. Zambiri zimene ndikudziwa pa nkhaniyi ndinaziphunzira ndili mnyamata, ndikuwatolera nkhuni ndi kuwatungira madzi pa nthawi ya cuti.

Anthu amaganiza kuti nchito ya thobwa ili pamoto, koma imayamba mlungu wathunthu moto usanakolezedwe. Imayamba ndi cimera. Azakhali amaviika mawere m'madzi usiku ndi usana, n'kuwatsanula, n'kuwayala pa thumba m'nyumba ndi kuwafunditsa masamba a nthoci. Pakapita masiku atatu kapena anayi mawere aja amakhala atatulutsa timizu toyera togwirana ngati ubweya. Apo m'pamene amawayanika padzuwa mpaka aume gwaa, ndiye n'kupera. Kale ankapera pamphero, lero amapita nawo ku cigayo. Cimera ca cimanga ciliponso, ndipo ambiri amagwiritsa cimeneco cifukwa mawere akusowa, koma azakhali amacinyoza. Amati thobwa lake limakhala loyera ngati munthu wodwala. Pamenepa ndimagwirizana nawo: thobwa la mawere lili ndi kufiirira kwake ndi kafungo kake kamene cimanga sicingapereke.

Tsiku lophika amaphika phala la mgaiwa mumgolo, lambiri, lolimbirako. Likapsa amaliphula n'kulisiya kuti lipole. Apa ndiye pali luso lonse. Ukathira cimera phala likadali lotentha kwambiri, cimera cimafa ndipo thobwa silitsekemera. Ukacedwa mpaka lizizire, cimera cimagona. Azakhali amayesa ndi cala basi. Akathira n'kutakasa ndi mthiko, phala lolimba lija limayamba kusungunuka wekha ukuona, ndipo ukalawa umapeza lasanduka lotsekemera popanda kuthira shuga. Ndili mwana ndinkayesa matsenga. Ku sukulu ndi kumene ndinamva kuti mbewu ikamamera imapanga zinthu zimene zimaphwanya ufa kuusandutsa shuga woti kambewuko kadye, ndipo wofulula amangobwereka mphamvu imeneyo. Azakhali sanapite ku sukulu, koma kutentha koyenera amakudziwa kuposa aphunzitsi amene anandifotokozera. Akatero amaliwiritsanso, n'kulisiya m'mitsuko kuti ligone. M'mawa ndi thobwa la ana ndi anthu a chalichi. Likakhala masiku awiri limayamba kuwawasa, ndipo wofuna mowa amapitiriza ndi cimera cina mpaka lilule, n'kulisefa ndi khuntho.

Zakumwazi zimagwira nchito zimene ndalama sizigwira. Munda ukakula kuposa manja a banja, mayi amafulula n'kuitana dima: anthu amabwera ndi makasu awo m'mamawa, n'kupalira munda wonse, masana n'kukhala pansi pa mtengo kumwa. Amene sabwera ku dima la anzake asadabwe lake likapanda anthu. Pa cinkhoswe, pa ukwati, pa kumeta maliro, pomanga ciliza, pamene amuna akuvina ngoma ndi zishango zawo, pamafunika mitsuko, ndipo wina ayenera kuti anayamba kuviika mawere masiku angapo m'mbuyomo. Pa maliro salipidwa n'komwe. Abale amasonkha cimanga ndi nkhuni, iye amapereka manja ake ndi mgolo wake, ndipo tsiku limene maliro adzagwe pakhomo pake ena adzacitanso cimodzimodzi.

Masiku a msika m'pamene pamalowa ndalama. Thobwa amalithira m'magarafa a pulasitiki amene munali madzi kapena rifresko, n'kulitengera pamutu kapena panjinga. M'misika ya m'malire, monga ku Lizulu ndi ku Biriwiri kumene mbali imodzi ya msewu ndi Malawi ndipo inayo ndi kwathu, wogulitsa amalandira metikali ndi kwacha yomwe, ndipo masamu osinthira amawacitira m'mutu mofulumira kuposa anyamata osintha ndalama. Amene amamwa ndi onyamula matumba a mbatata ya kacewere, oyendetsa njinga za katundu, amayi ogulitsa kabici ndi tomato amene acoka kunyumba kusanace. Kwa iwowa garafa la thobwa ndi citumbuwa cimodzi ndiye cakudya ca masana. Wopanda ndalama amamwa pa ngongole, adzabweza akagulitsa fodya kapena soya, mwinanso adzabweza ndi mbale ya cimanga. Buku la ngongole palibe. Azakhali amangokumbukira, ndipo amadziwanso amene sayenera kumukumbutsa cifukwa mkazi wake wagonekedwa ku cipatala. Timetikali timeneti ndi timene timalowa mu xitiki ya amayi, kumene amasonkherana ndi kulandira mosinthana, n'kutuluka ngati malata a denga, makope a ana kapena thumba la feteleza.

Pa nthawi ya nkhondo ya zaka 16, anthu ambiri a kuno anathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu, ndipo azakhali anali m'gulu limenelo. Anasiya munda, mbuzi ndi nkhokwe. Amanena kuti cimene anawoloka naco malire cinali m'manja mwawo. Ufa wa cithandizo umene ankalandira ankapatulako pang'ono, n'kuphika thobwa m'mphika wobwereka, n'kugulitsa kwa eni dziko kuti apeze mcere ndi sopo. Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992 n'kuyamba anthu kubwerera, minda inali itasanduka chire, ng'ombe kulibe, ndalama zolipira aganyu kulibe. Minda yambiri inatsegulidwanso ndi dima.

Lero mu baraka iliyonse muli zakumwa za ku fakitale. Cervejas de Moçambique inayamba kupanga mowa wa cinangwa wochedwa Impala ku Nampula mu 2011, kenako inatulutsanso wa cimanga. Sindikudana nazo. Zimagula mbewu kwa alimi, ndipo garafa la lero limakoma cimodzimodzi ndi la mawa. Koma wa pa baraka sakongoza wamasiye, ndipo fakitale situmiza mgolo ku maliro. Komanso ndisaname kuti zonse za kumudzi n'zabwino. Kacasu, amene amacheza ndi madeya ndi shuga, wagwetsa amuna ambiri amene ndinaphunzira nawo, ena ali m'manda asanakwane zaka 40. Mayi wocheza kacasu amaphunzitsa ana ake ndi ndalama zimene zikanagula cakudya ca ana a mnzake. Iyeyo amadziwa, mudzi wonse umadziwa, ndipo tonse timayang'ana kumbali.

Koma cimene cimandisowetsa mtendere kwambiri si kacasu. Ndi zimene zinacitika ku Chitima, m'boma la Cahora Bassa, m'cigawo cathu comwe cino ca Tete. Pa 9 Januwale 2015 anthu ocokera ku maliro anamwa pombe, mowa wa ufa wa cimanga wofanana ndi masese athu, umene unafululidwa mumgolo wa malita 210. Patapita maola angapo anayamba kusanza, kutsegula m'mimba ndi kukomoka. Anthu 75 anamwalira, ndipo oposa 200 anadwala. Boma linalamula masiku atatu olira dziko lonse. Mphekesera inafalikira mofulumira, mpaka m'manyuzipepala a kunja, kuti wina anathiramo ndulu ya ng'ona. Kuno kwathu aliyense anakhulupirira, cifukwa nkhani ya ndulu ya ng'ona tinakula nayo, ndipo munthu woipa mtima ndi cinthu cimene timacimvetsa msanga.

Zotsatira za kupima zitatuluka kumapeto kwa caka comweco, kunapezeka kuti panalibe ng'ona. Mu ufa umene anafululira munali kacirombo kochedwa Burkholderia gladioli, kamene kamapanga poizoni yochedwa bongkrekic acid. Ufawo unali utanyowa ndi madzi osefukira n'kuyamba kuwola, ndipo unaperekedwa kwa wofulula poganiza kuti ngakhale sungaphikidwe nsima, ungathe kukhala mowa. Poizoniyi ilibe fungo, ilibe kakomedwe koti ungaizindikire, ndipo siifa ndi moto. Wofulula uja nayenso anamwa, ndipo anali pakati pa omwalira.

Mfundo yomalizayi imandivuta kuimeza. Mayiyo anacita zimene mwambo umafuna: anamwa mowa wake. Cikho coyamba cimatsimikiza kuti wofulula sakukufunira zoipa, koma sicingaone cimene lilime silimva, makamaka poizoni amene amadikira maola asanayambe kugwira. Ndipo maganizo amene anapha anthu ku Chitima si acilendo kwa ife. Ndani sanaonepo pa nthawi yokolola amayi akusankha cimanga, cabwino uku ca nkhokwe, cowola ndi ca cuku uko, n'kunena kuti ici n'ca mowa? Timaganiza kuti kuwiritsa kawiri ndi kuwawasa kumapha ciliconse. Kuno ku mapiri mvula imatha mocedwa, nkhungu ya m'mawa imanyowetsa zoyanika, ndipo ambiri anasiya nkhokwe n'kumasunga cimanga m'matumba pansi m'nyumba cifukwa coopa akuba. Cimanga cathu cimacita cuku mosavuta.

Nditawafotokozera azakhali zimenezi sanavomere msanga.

"Atate, inu a sukulu mumafuna ciliconse cikhale kacirombo," anatero. "Zaka zonsezi tafulula, tamuphapo ndani?"

Ndinati, "Simunaphe munthu, azakhali. Koma cimanga cowola cija mumacitenga kapena ayi?"

"Ine ayi. Cimawawitsa thobwa. Koma a masese amatenga, n'cochipa."

Apo ndi pamene pali vuto. Wofulula amagula cimanga, nkhuni ndi kulipira cigayo, koma sangakweze mtengo wa cikho cifukwa omumwera ndi osauka ngati iye. Miyezi ya njala, kuyambira Disembala mpaka Febuluwale, cimanga cabwino cimakwera mtengo, ndipo imeneyo ndi miyezi yomwenso ya mvula ndi cinyezi. Thumba lonyowa limene wogulitsa akufuna kulitaya pa theka la mtengo limakhala yesero lalikulu kwa mayi amene mawa akufunika ndalama ya mankhwala a mwana.

Zikacitika ngozi zoterezi, ena m'tauni amafulumira kunena kuti mowa wa kumudzi uletsedwe. Sungaletseke. Atsamunda anayesa kuuletsa m'matauni, ndipo anthu ankangofululira mobisa. Cimene ndingakonde kuona n'cakuti a zaumoyo ndi alangizi a zaulimi akhale pansi ndi amayiwa ngati akatswiri anzawo, osati ngati olakwa, ndipo wailesi za m'madera zinene m'Cinyanja comveka kuti ufa umene sungadyetse mwana wako suyenera kulowa mumgolo. Amayiwa amamvera zinthu zokhudza nchito yawo. Dzina la wofulula ndilo cuma cake conse, ndipo thobwa lake likatsegula m'mimba anthu awiri okha, mlungu wotsatira pamsika palibe womuyandikira. Amene akufunikanso kumva ndi ife eni maliro ndi eni maukwati, cifukwa nthawi zambiri cimanga cofululira timapereka ndife, ndipo timasankha cimene sitikucifuna m'nyumba.

Azakhali tsopano msana wawatha, ndipo mgolo anausiyira mpongozi wawo, mkazi wa mwana wawo wacisamba. Iwo amangokhala pamkeka n'kumalamula. Thumba lililonse la cimanga likafika pakhomo, kaya lagulidwa kaya labwera ndi eni maliro, amalowetsa mkono mpaka pansi, n'kutapa njere zingapo, n'kununkhiza, n'kuluma imodzi. Ikapanda kulira m'mano amati cikayanikidwe. Akapeza ca cuku amacibweza, ngakhale mwini wake akhale nyakwawa. Caka catha anabweza matumba awiri a banja lina limene linkamanga ciliza, ndipo banjalo linakafululitsa kwina. Mpaka lero sapatsana moni bwinobwino.