Lamba akadya dzanja, mlandu si wa mwini dzanja

Ndine fita, ndipo ntchito yanga ndi yokonza malamba onyamula katundu m'mafakitale: oyendetsa nzimbe, masamba a tiyi, matumba a chimanga ndi feteleza. Munthu akaduka dzanja pa lamba, mawu oyamba kumveka ndi akuti "anali wosasamala". Ine amene ndimamasula ndi kumanga makina amenewa ndikuwakana mawuwo, chifukwa ndikudziwa mmene lamba amagwirira munthu.

Poopsa ndi pamene lamba amakumana ndi pule kapena rola. Chilichonse chokhudza pamenepo chimakokedwa: golovesi, mkono wa ovololo, chala, kenako dzanja lonse. Lamba woyenda mita imodzi pa sekondi, amene ife timamuona ngati wapang'onopang'ono, amameza mkono kufika paphewa sekondiyo isanathe, ndipo mota yokoka matani a katundu siimva n'komwe kuti yagwira fupa. Palibe munthu, kaya wochenjera chotani, amene angapikisane ndi liwiro limenelo. N'chifukwa chake chitetezo chimamangidwa pa makina penipenipo. Pule imatchingidwa ndi gadi yachitsulo, m'mbali mwa lamba mumadutsa chingwe choimitsira mwadzidzidzi, ndipo wokonza kapena woyeretsa amazimitsa pa swichi yaikulu, n'kukhomapo loko, kiyi n'kuika m'thumba mwake. Kuno kumene magetsi amazimazima, lokoyo ndi moyo, pakuti lamba woima chifukwa magetsi athima amaoneka wakufa, koma ngati sitata yake ndi yosayenera amadzuka yekha magetsi akangobwera, dzanja la munthu lili mkati.

Ena amati, nanga anapisiranji dzanja? Funso labwino, koma tiliyankhe mpaka kumapeto. Munthu amapisa dzanja chifukwa zinyalala zamatirira pa pule, lamba wayamba kutsetserekera kumbali, ndipo kapitawo akufuna matani a shifiti akwane popanda kuimitsa makina. Amapisa chifukwa gadi inachotsedwa kalekale osabwezeretsedwa. Gadi ikanakhalapo, dzanjalo silikanafika pa pule ngakhale mwini wake atatopa kapena atasinza. Oti kuimitsa lamba kumaononga ndalama akunena zoona, koma kuyeretsa pule kumatenga mphindi zochepa, pamene dzanja silimeranso.

Malamulo nawonso amaona chimodzimodzi. Pangano la bungwe la ILO la mu 1963 lokhudza kutchinga makina limaletsa kuuza wantchito kuti agwiritse ntchito makina opanda zotchinga zake. Ku Malawi, lamulo la chitetezo, umoyo ndi chisamaliro cha anthu pantchito la mu 1997 limaika udindo wotchinga mbali zoopsa za makina pa olemba ntchito. Lamulo la chipukuta misozi la mu 2000 limati wovulala pogwira ntchito yake alipiridwe, ndipo ndalamazo zimawerengedwa potengera malipiro ake ndi kukula kwa chilema chimene dokotala wapeza. Choncho ndalama zimene bwana amabweretsa kuchipatala mu envulopu ngati chipepeso sizilowa m'malo mwa chipukuta misozi. Zimandiwawa kuona anthu akuzilandira mogwada ngati chifundo, chonsecho akutaya zowayenera.

Wovulala asasayine pepala lililonse akadali pabedi ululu uli m'mutu. Abale ake aonetsetse kuti ngoziyo yalembedwa ku leba ofesi ya m'boma lawo, asunge zikalata zonse zakuchipatala ndi mapepala a malipiro, ndiponso alembe mayina a anzake amene anaona mmene makinawo analili tsikulo. Chomalizachi n'chofulumira, chifukwa nthawi zambiri gadi yosowayo imapezeka itamangidwa bwinobwino oyendera mafakitale asanafike.