Chala chathu mumdima

Patchuthi chapitachi tinakhala pakhonde kwathu ku Kaduya, anthu anayi ndi laputopu imodzi, kuonera filimu yakale ya ku America yotchedwa The Thirteenth Chair. Inatuluka mu 1929, mafilimu atangoyamba kumene kukhala ndi mawu, ndipo anaitsogolera ndi Tod Browning. Poyamba linali sewero la papulatifomu la Bayard Veiller la mu 1916. Zaka zimenezo opanga mafilimu ankatola nkhani za kuphana m'masewero ndi m'mabuku: The Bat ya 1926 inachokera ku sewero, pomwe The Canary Murder Case ya 1929 inachokera m'buku la S. S. Van Dine.

Mufilimuyi anthu 13 akhala mozungulira m'chipinda atagwirana manja, nyale zazimitsidwa. Mayi wina wodzitcha wolankhula ndi mizimu akuti aitana womwalira kuti atchule amene anamupha. Mumdimamo munthu winanso abayidwa ndi mpeni. Nyale zitayaka, chala chiloza mtsikana amene sanalakwe kanthu, ndipo wakupha weniweni adziwika kumapeto.

Tinaseka pamene zinaoneka kuti zamizimuzo zinali zachinyengo. Nanga si tinaphunzira kale ku Sukulu ya Sabata kuti akufa ali mtulo ndipo sayankha munthu? Koma kusekako sikunapite patali. Mmodzi wa ife anakumbutsa za 2017, pamene mphekesera za anamapopa zinadzadza Mulanje ndi Phalombe. Anthu anatseka misewu usiku, ndipo ena anaphedwa pongoganiziridwa chabe. Ife tinali ana, koma nkhanizo tinazimva, tinazikhulupirira, tinazifalitsanso kuchitsime ndi kusukulu.

Lerolinso pamaliro timamva manong'onong'o akuti agogo auje ndiwo adya mwanayu. Lamulo la dziko lino la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti. Lamulo lachisanu ndi chinayi la Mulungu limaletsa umboni wonama. Onsewa timawadziwa, komabe timangokhala chete kuopa kuti chala chingatembenukire kwa ife.

Usiku umenewo tinagwirizana chinthu chimodzi. Tikadzamvanso dzina la munthu likutchulidwa pamaliro, tidzafunsa poyera kuti: umboni uli kuti, nanga kuchipatala anati anadwala chiyani? Tikatero tidzapita kukakhala pafupi ndi agogowo.