Kodi Khasu Logula Limapemphedwanso?

Ku Railways, m'tauni ya Kabwe, kuli mnyamata amene amajambula nyimbo za makwaya pa kompyuta. Pulogalamu yojambulira anaigula ndi thukuta lake, ndipo inali kugwira nchito popanda intaneti. Tsopano eni ake alamula kuti izitsegulidwa pa intaneti pokha. Tsiku lina kwaya inabwera kucokera kumudzi, italipira basi, koma netiweki kunalibe. Oimbawo anabwerera osajambula, mnyamatayo nagwidwa ndi manyazi. Kodi wogula khasu amapempha cilolezo kwa wosula m'mawa uliwonse? Mu 2023 kampani ina, ya Waves, inaleka kugulitsa mapulogalamu niyamba kungobwereketsa. Makasitomala atadandaula, inabweza mau m'masiku owerengeka. Nayenso mnyamatayu walemba kalata, akali kuyembekezera yankho.