Nyumba ya ku Ngungu: tisanakhale malandilodi, tinawerenga kaye

Achinyamata ambiri a m'tauni tili ndi loto limodzi lomwe sitibisa, loti tsiku lina tidzakhale malandilodi. Takulira m'nyumba za lendi. Timadziwa kugogoda kwa chitseko mwezi ukatha, ndipo timadziwanso kuzimitsa wailesi kuti aganize kuti mulibe anthu. N'chifukwa chake tikangomva kuti kwinakwake kuli nyumba yogulitsa pa mtengo wofikirika, mtima umathamanga kusiya mutu kumbuyo.

Ife tilipo asanu, tonse odzipereka pa wailesi ya m'dera kuno ku Kabwe. Pa wailesi sitilandira malipiro. Wina amaphunzitsa, wina amakonza mafoni, wina amagulitsa salaula, ndipo awiri amadalira maganyu ojambula zithunzi ndi kuimba nyimbo pa maukwati. Tinayamba ndi chilimba, kenako tinagwirizana kuti aliyense aziika K900 pamwezi mu akaunti imodzi yomwe palibe angaikhudze yekha. Patatha zaka 5, munali pafupifupi K270,000. Imeneyi si ndalama yoseweretsa. Ndi nsapato zomwe sitinagule, ndi maulendo a ku Lusaka omwe tinakana.

Nyumba yomwe inatikopa ili ku Ngungu. Ndi imodzi mwa nyumba zakale za khansolo: zipinda ziwiri zogona, pabalaza, khitchini yaing'ono, bafa ndi chimbudzi. Pabwalo pali mtengo waukulu wa mango, ndipo kuseli kuli malo okwanira dimba. Ejenti anati mtengo wake ndi K420,000, ndipo anawonjezera mawu omwe maejenti onse amawadziwa: "Pali wina wa ku Lusaka akubwera ndi ndalama Lachisanu."

Kuti mumvetse nyumba yotere, muyenera kudziwa kumene inachokera. Kabwe, yomwe kale inkatchedwa Broken Hill, inakula chifukwa cha mgodi wa mtovu ndi zinki womwe miyala yake inapezeka mu 1902, komanso chifukwa cha njanji. Mgodi unali ndi nyumba za antchito ake, njanji inalinso ndi zake, ndipo khansolo inali ndi zake ku Bwacha, Ngungu ndi Chimanimani, komwe anthu ankalipira lendi. Mgodi unatsekedwa mu 1994. Mu 1996, boma la Frederick Chiluba linalamula kuti nyumba za makhansolo zigulitsidwe kwa amene ankakhalamo, pa mitengo yotsika kwambiri. Mabanja ambiri anakhala eni nyumba kwa nthawi yoyamba.

Tsopano werengani zaka. Munthu amene anagula nyumba mu 1996 ali ndi zaka 45, lero wapitirira zaka 70, ngati adakali moyo. Ambiri anatisiya. Nyumba zawo zinatsala m'manja mwa ana ndi adzukulu, ndipo kawirikawiri dzina lomwe lili pa taito ndi la munthu amene ali kumanda. Choncho funso loyamba pa nyumba yakale ya ku Ngungu si lakuti denga limadontha kapena ayi. Funso loyamba ndi lakuti: amene akugulitsayu, nyumbayi ndi yake?

Amene anatilandira anali mwana woyamba wa m'banjamo, bambo waulemu wazaka za m'ma 50. Anatisonyeza taito yeniyeni, osati fotokope, ndipo inali m'dzina la malemu atate awo. Anatisonyezanso kalata ya ku khoti yowaika kukhala woyang'anira chuma cha masiye. Kwa munthu wothamanga, mapepala awiriwa ndi okwanira. Koma mmodzi wa ife anachititsapo pulogalamu ya malamulo a chuma cha masiye, ndipo anatikumbutsa zomwe lamulo la mu 1989 limanena pa munthu womwalira osasiya wilo. Ngati pali nyumba, imakhala ya mkazi kapena mwamuna wotsalayo pamodzi ndi ana onse, ndipo wamasiyeyo ali ndi ufulu wokhalamo mpaka atamwalira kapena atalowanso m'banja. Woyang'anira chuma si mwini chuma. Sangagulitse nyumba popanda chilolezo cha khoti.

Tinafunsa kuti, "Bambo, m'banja mwanu munabadwa angati?"

"Tinali asanu ndi awiri. Atsala asanu."

"Nanga onse akudziwa za malondawa?"

Anayang'ana mtengo wa mango, kenako anati, "Tidzakambirana."

Mawu akuti "tidzakambirana" ndi amene amatengera ogula ambiri ku khoti. Munthu umalipira, umapenta, umaikamo wa lendi, kenako patatha chaka kumatulukira mlongo wochokera ku Kitwe kapena mwana wa malemu m'bale wawo, atanyamula mapepala a loya. Mlandu wa nyumba ungatenge zaka, ndipo nthawi yonseyo ndalama yanu imakhala itagona.

Chinanso chomwe tinachita ndi kufufuza m'kaundula komwe taitoyo inalembedwa. Nyumba zambiri zomwe zinali za khansolo zili ndi mataito olembedwa ku khansolo komweko, pamene zina zili ku Unduna wa za Malo. Kufufuzako kumasonyeza ngati nyumba inaikidwa chikole ku banki, kapena ngati wina analembetsa chiletso choti isagulitsidwe. Pa nyumbayi panalibe choletsa. Koma kaundula sangakuuzeni ngati wina anabwerekerapo ndalama kwa wa kaloba. Zimenezo amadziwa ndi aneba. Tinafunsanso malisiti a msonkho wa nyumba wa ku Kabwe Municipal Council ndi bilu ya madzi ya ku Lukanga Water, chifukwa ngongole zotere zimamatirira pa nyumba. Mwini wakale akachoka, zimatsala zikukudikirani pakhomo.

Titatha mapepala, tinabwera ndi mmisiri womanga, wachikulire amene wagwira ntchito pa nyumba zotere kwa zaka zambiri. Iye sanayang'ane penti yatsopano ya pabalaza. Anazungulira kunja, akugogoda khoma ndi chibakera. Anatiphunzitsa kusiyanitsa ming'alu. Mng'alu wopyapyala wa pulasitala si nkhani. Koma mng'alu wotsata mizere ya njerwa ngati masitepe, wotambasuka kumtunda, umatanthauza kuti maziko akusuntha. Unalipo umodzi wotere, mbali ya mtengo wa mango uja, womwe mizu yake inali itafika pansi pa nyumba. Mthunzi womwe unatikopa ndi womwe unkang'amba khoma.

Denga linali la asibesitosi, monga nyumba zambiri za nthawi imeneyo. Asibesitosi akakhala wathunthu savuta kwenikweni, koma akasweka kapena kudulidwa, fumbi lake limawononga mapapo, ndipo matendawo amaonekera patapita zaka zambiri. Mapepala atatu a dengalo anali osweka, ndipo mitengo iwiri yapansi pake inali itadyedwa ndi chiswe. Mawaya a magetsi anali akale, olumikizidwalumikizidwa, osakonzedwera ketulo, firiji, ayironi ndi chitofu zoyaka nthawi imodzi. Mapaipi achitsulo anali ndi dzimbiri mkati, moti madzi a kubafa ankatuluka ngati misozi. Mmisiri atawerengera malata atsopano, mitengo, mawaya, mapaipi ndi kulimbitsa maziko, anati tikonze K80,000. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Pali chinthu china chomwe wogula nyumba ku Kabwe sayenera kulumpha, chomwe ndi dothi. Zaka 90 za mgodi zinasiya mtovu m'nthaka, ndipo madera omwe amatchulidwa kwambiri ndi oyandikana ndi mgodiwo, monga Kasanda, Chowa ndi Makululu. Ngungu ili patali ndithu ndi kumeneko. Komabe fumbi siliwerenga zikwangwani, ndipo mchenga kapena miyala yomwe anthu amathira pabwalo nthawi zina imachokera kosadziwika. Mtovu umavulaza kwambiri ana aang'ono, omwe amasewera pansi n'kuika manja mkamwa. Tinagwirizana kuti bwalo lililonse lomwe tingaikepo banja la ana tidzalibzala udzu kapena kuliyala simenti, ndipo sitidzagula dothi lomwe sitikudziwa komwe lakumbidwa.

Tsopano masamu. Aneba anatiuza kuti nyumba zofanana nayo mu msewu womwewo zimalipidwa pafupifupi K2,200 pamwezi. Ejenti anachulukitsa ndi miyezi 12, napeza K26,400 pachaka, nati ndalama yathu idzabwerera m'zaka 16. Ife tinawerenga mwina. Tonse takhalapo a lendi, ndipo tikudziwa kuti chaka cha landilodi sichikhala ndi miyezi 12. Pali mwezi womwe nyumba imakhala yopanda munthu, ndi mwezi womwe wa lendi wagwa m'mavuto. Tinawerengera miyezi 10, yomwe ndi K22,000. Tinachotsapo K4,000 ya msonkho wa khansolo ndi zokonzakonza za chaka. Inatsala K18,000, tisanaganizire za msonkho wa ZRA pa ndalama za lendi.

Mtengo weniweni wa nyumbayo sunali K420,000, koma K500,000 tikaphatikiza zokonza. K18,000 pa K500,000 ndi 3.6 peresenti pachaka. Ndalama ingabwerere m'zaka pafupifupi 28, ife tili ndi imvi. Ndipo tinalibe K500,000. Tinkapereweredwa K230,000. Ngongole za ku banki m'Zambia zakhala zikudutsa 20 peresenti pachaka. Ngakhale titapeza ya 20 peresenti ndendende, chiwongoladzanja cha chaka choyamba chokha chikanakhala K46,000, pamene nyumba ikubweretsa K18,000. Tikanakhala malandilodi ogwirira ntchito banki.

Izi sizikutanthauza kuti kugula nyumba yakale ndi uchitsiru. Kwacha imatsika mphamvu, koma malo okhala ndi taito, madzi, magetsi ndi msewu sachuluka. Chuma chenicheni cha nyumba za ku Ngungu ndi bwalo. Pa malo a kuseli aja mungamange zipinda ziwiri kapena zitatu, mutalandira chilolezo cha khansolo, ndipo masamu onse amasintha. Ofuna nyumba aliponso: aphunzitsi, anamwino, asilikali, antchito a Zambia Railways, ophunzira a ku Kwame Nkrumah University ndi Mulungushi University. Koma gulu lililonse lili ndi khalidwe lake. Wophunzira amafuna pafupi ndi kalasi ndipo amapita kwawo pa holide. Wa ntchito ya boma amalipira bwino koma angasamutsidwe nthawi iliyonse. Kabwe si Lusaka. Ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 140 kuchokera ku likulu, ndipo chitsekereni mgodi, tauniyi sinapezenso ntchito imodzi yaikulu yolowa m'malo mwake. Lendi singakwere kuposa matumba a anthu.

Panali chinthu chimodzi chomwe sichinkalowa mu kakyuleta. Kuseli kwa nyumbayo kunali kachipinda ka mabuloko osapaka pulasitala, kotchinga ndi chitenje pa zenera. Ejenti anati ndi sitolo. Agogo a nyumba yoyandikana nayo, titawapatsa moni n'kukhala pa mphasa, anatiuza zina.

"Ana anga, mmenemo mumagona mwana wotsiriza wa pakhomopo ndi ana ake awiri. Anabadwira m'nyumba imeneyo. Mukagula, mukuganiza kuti apita kuti?"

Sitinayankhe msanga. Tonse asanu tinaonapo katundu wa makolo athu ali panja, mapoto ndi matiresi zikuwambidwa dzuwa anthu akuonerera. Sitinasonkhe ndalama zaka 5 kuti tidzakhale anthu oimirira pageti tsiku lotero. Ndipo ngakhale mutachotsapo chifundo n'kusiya bizinesi yokha, mayi ameneyo ndi mmodzi wa eni nyumba. Siginecha yake ndi yolemera mofanana ndi ya mkulu wake.

Tinabwerera kwa bambo aja ndi mawu atatu. Choyamba, ana onse amoyo, pamodzi ndi oimira ana a amene anamwalira, asaine kuti akuvomereza, ndipo khoti lipereke chilolezo chogulitsa. Chachiwiri, mlongo wawo wa kuseli adziwe gawo lake ndi kumene adzapite, asanalandire aliyense ngwee imodzi. Chachitatu, mtengo utsike molingana ndi zomwe mmisiri anapeza, ndipo ndalama idutse kwa loya, osati m'chikwama cha pulasitiki. Bamboyo sanakwiye. Anati akaitana msonkhano wa banja. Lachisanu linadutsa, ndipo wa ku Lusaka uja sitinamuone.

Pakadali pano ndalama yathu taiika mu mabondi a boma, omwe m'zaka zaposachedwa akhala akupereka chiwongoladzanja choposa 10 peresenti, popanda denga lodontha. Tikupitiriza kusonkha. Banja lija likagwirizana ndipo mtengo ukafika pomwe sitingafunike ngongole yaikulu, tidzakhalanso pansi. Likapanda kugwirizana, ku Ngungu, Bwacha ndi Chimanimani nyumba zakale sizinathe.

Inu amene muli ndi kandalama kanu, kaya ka chilimba, kaya kotumizidwa ndi achimwene a ku Johannesburg, mukapita kukaona nyumba musapite nokha ndi ejenti. Tengani mmisiri amene simunamudziwire kwa wogulitsa. Pitani tsiku lomwe mvula yagwa, muone komwe madzi amaima. Tsegulani mpopi uliwonse. Werengani dzina lomwe lili pa taito, mufunse ngati mwini dzinalo ali moyo. Ndipo musanachoke, khalani pansi ndi agogo a pafupi, muwafunse amene amagona m'chipinda cha kuseli.